Kanema wa mu mall uja anatha bwanji, ndipo mbiri yake ndingaipeze kuti?

Mayi wina watilembera kuti: "Kuyambira 1986 mpaka 1993 ndinkakhala mumzinda wina waung'ono ku United States, komwe ndinkaphunzira kenako n'kugwirako ntchito. Mu mall ya mumzindamo munali malo oonetsera kanema a zipinda 6 zing'onozing'ono, khomo lake loyang'anizana ndi malo odyera. Ine ndi malemu amuna anga tinadziwana pamzere wa matikiti pamenepo. Chaka chatha nditapita kukaona mwana wanga ndinapeza pakhomo paja atamangapo khoma n'kulipaka penti, ndipo masitolo ambiri anatsekedwa. Achinyamata amene ndinawafunsa sadziwa n'komwe kuti panali kanema. Kodi ndi Netflix imene inapha malo amenewa? Nanga mbiri yake ndingaipeze kuti, kuti ndisungire adzukulu anga?"

Mayi, pepani chifukwa cha imfa ya bambo a kunyumba, ndipo zikomo potiuza nkhani yanu. Kuima patsogolo pa khoma lopanda kanthu pamalo amene moyo wanu unakhotera si chinthu chopepuka, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake simunafune kungochoka osafunsa.

Ndiyambe ndi Netflix, popeza ndi imene anthu ambiri amailoza chala. Kampaniyi inayamba kuonetsa mafilimu pa intaneti mu 2007. Pofika chaka chimenecho, malo ambiri a mtundu umene mwafotokozawu anali atatsekedwa kale, ndipo otsalawo ankangopumira m'mwamba. Intaneti inapeza nyama itagwa kale. Amene anaigwetsa ndi eni makampani a kanema omwewo, atamanga nyumba zina zazikulu kunja kwa mall, ndipo zina zonse zinadzangomalizitsa. Kuti zimveke bwino ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa mmene malowa anabadwira ndi mmenenso anafera.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, munthu wa ku America akafuna kuonera filimu ankapita pakati pa tawuni, m'zinyumba zokongola ngati za mafumu, za chinsalu chimodzi ndi mipando yoposa 1,000. Chaka cha 1946 ndi chimene anthu anapita kukanema mwaunyinji kuposa zaka zina zonse. Kenako zinthu zinabwera motsatizana. Mu 1948 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mlandu umene unakakamiza makampani opanga mafilimu, monga Paramount, kuti asiyane ndi nyumba zawo zoonetsera. Wailesi yakanema inalowa m'makomo mwaliwiro, moti pofika 1960 mabanja pafupifupi 9 pa 10 aliwonse anali nayo. Ndipo mabanja ankasamuka pakati pa mizinda kupita kumalo atsopano okhala a m'mphepete, kumene popanda galimoto sungayende. Lamulo la msonkho la 1954 linapangitsa kuti kumanga nyumba zamalonda zatsopano kukhale kopindulitsa msanga, ndipo mu 1956 boma linayamba ntchito ya misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse. Chaka chomwecho, ku Edina m'chigawo cha Minnesota, kunatsegulidwa Southdale Center, yojambulidwa ndi Victor Gruen: masitolo onse pansi pa denga limodzi, mkati motentha nthawi yozizira, mozizira nthawi yotentha. Mall imene munkayendamo inu ndi mdzukulu wa imeneyo.

Akanema anatsatira anthu kumene anapita. Kampani imene inadzatchedwa General Cinema inatsegula holo pamalo a masitolo a Shoppers' World ku Framingham, Massachusetts, mu 1951. Ku Canada, Nat Taylor anayamba kuonetsa mafilimu awiri osiyana m'nyumba imodzi ya Elgin ku Ottawa mu 1957. Koma dzina limene muyenera kuligwira ndi la Stanley Durwood wa ku Kansas City. Iyeyu anaona chinthu chosavuta: wogulitsa matikiti ndi mmodzi, wogulitsa zakudya ndi mmodzi, khomo ndi limodzi, nanga n'chifukwa chiyani chinsalu chikhale chimodzi? Mu 1963 anatsegula Parkway Twin, ya zipinda ziwiri, pamalo a masitolo a Ward Parkway. Mu 1966 anafika pa zipinda 4, mu 1969 zipinda 6, ndipo kampani ya banja lake inasanduka American Multi-Cinema, imene lero timangoti AMC. Ku Toronto, mu 1979, Taylor uja ndi Garth Drabinsky anatsegula Cineplex ya zipinda 18 mu Eaton Centre. Ku Britain zinafika mochedwerapo, mu 1985, ndi The Point ya zipinda 10 ku Milton Keynes.

Choncho zimene mwanenazi, zipinda 6 zing'onozing'ono ndi khomo lotsegukira mkati mwa mall, zikundiuza kuti malo anuwo ndi a m'badwo wa zaka za m'ma 1970 kapena kuchiyambi kwa ma 1980. Mwina anayamba ndi zipinda ziwiri kapena zitatu n'kumagawidwa pambuyo pake. Ngati mukukumbukira chipinda chachitali koma chopapatiza ngati basi, mipando yake itapenya cham'mbali pang'ono osati pakati pa chinsalu, dziwani kuti chinali holo imodzi imene anaidula pakati ndi khoma, mipando n'kuisiya momwe inalili.

Ubale wa mwini mall ndi mwini kanema unali wa anthu odalirana koma okayikirana. Wa mall ankafuna anthu madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo kanema ankawabweretsa. Wa kanema ankapeza malo oimika magalimoto aulere ndi anthu oyenda kale pakhomo pake. Koma amasitolo ankadandaula kuti woonera filimu amatseka malo a galimoto maola awiri osagula kalikonse, n'chifukwa chake kanema ankaikidwa kumapeto kwenikweni, kapena pansi, pamalo amene sitolo yolemera sikanawafuna. Mfundo yaikulu ndi iyi: mwini kanema sanali mwini nyumba. Ankalipira lendi pa mgwirizano wa zaka zowerengeka, ndipo ankamanga motchipa podziwa kuti tsiku lina adzachoka. Palibe amene anamanga malo amenewa kuti adzakhale chikumbutso.

Chimene chinatheketsa zonsezi chinali kumwamba, kuseri kwa tiwindo tating'ono tija munkaona mukacheuka. Ine ndinagwirako ntchito m'chipinda choterocho ndili mnyamata, ndipo fungo lake la mafuta a makina ndi fumbi lotentha ndimalimvabe. Kale filimu inkabwera m'mipukutu ya mphindi pafupifupi 20 umodzi, ndipo chinsalu chilichonse chinkafuna mapulojekita awiri ndi munthu wodziwa ntchito woima pomwepo. Kadontho kakathwanima pakona yakumanja chakumwamba, iye ankayatsa makina achiwiri, kakathwanimanso n'kusinthira. Nyale zake zinali za timitengo ta kaboni tomwe tinkapsa n'kumafuna kusinthidwa. Zitabwera nyale za xenon, zoyaka maola ambirimbiri, komanso mbale zazikulu zogona chafulati zimene Willi Burth wa ku Germany anatulukira m'zaka za m'ma 1960, zonse zinasintha. Lachinayi usiku tinkalandira zitini zachitsulo zolemera, n'kulumikiza mipukutu 6 kapena 7 ndi tepi kukhala chimpukutu chimodzi chotambalala kuposa mita. Filimu ya maola awiri ndi yaitali makilomita oposa atatu, ndipo imadutsa pa zithunzi 24 sekondi iliyonse. Inkatuluka pakati pa mbale imodzi, n'kuyenda m'mwamba pa timagudumu, kulowa mu pulojekita, n'kukadzikulunga pa mbale ina. Munthu mmodzi ankayendetsa zipinda zonse 6, akuyenda m'kakhonde kamdima ndi kapepala ka nthawi m'thumba. Filimu ikakhala yokondedwa kwambiri tinkaidutsitsa m'mapulojekita awiri motsatizana, moti anthu a m'zipinda ziwiri ankaseka nthabwala imodzi motalikirana masekondi angapo.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi pamene filimu inakodwa pakati pa mbale n'kudzimanga mfundo. Chithunzi chinaima, kenako pakati pake panatuluka bowo lofiirira lomwe linakula ngati duwa, kutentha kwa nyale kukusungunula filimu anthu akuona. M'holo munamveka mfuu. Ndinadula malo opsawo manja akunjenjemera, n'kulumikiza, ndipo chithunzi chitabwerera anthu anaomba m'manja ngati ndagoletsa chigoli. Kunena chilungamo, mbale zimenezi zinachotsa ntchito akatswiri ambiri amene anakalambira pa pulojekita, ndipo ana ngati ine, olipidwa pang'ono, ndife tinalowa m'malo mwawo. Mafilimu okalika ndi osaoneka bwino amene anthu ankadandaula nawo m'ma mall anali zipatso za kusinthaku.

Ndalama zenizeni sizinkachokera pa tikiti. Sabata zoyambirira, gawo lalikulu la tikiti linkapita kwa eni filimu, ndipo mwini holo ankadalira mbuliwuli, maswiti ndi zakumwa. N'chifukwa chake munkayamba kudutsa pa kauntala yowala musanafike pachitseko, ndipo nthawi zoyambira mafilimu ankazisiyanitsa ndi mphindi 10 kapena 15 kuti mzere wa zakudya usathe komanso usatalike. Ngakhale kabowo koikamo kapu pa mkono wa mpando, kamene AMC inabweretsa mu 1981, kanabadwira pamenepo.

Sindikubisirani, akatswiri a mafilimu ankawanyoza malo amenewa. Zinsalu zinali zazing'ono, makoma opyapyala moti mfuti za chipinda chachitatu zinkamveka pakati pa nkhani yachikondi ya chipinda chachinayi, ndipo pansi pankamata nsapato. Zonsezi n'zoona. Koma ine ndimakana kuti mbiri yawo ithere pamenepo. Kwa achinyamata a zaka zimenezo, ndi pamalo pamenepa pamene kholo linkakusiya wekha koyamba, ndi ndalama yachitsulo yoimbira foni filimu ikatha. Kuyambira 1975, pamene filimu ya Jaws inatulutsidwa nthawi imodzi m'maholo oposa 400 ndi kulengezedwa kwambiri pa wailesi yakanema, makampani anazindikira kuti ana a sukulu ali pa tchuthi ndiwo msika, ndipo ana amenewo anali kale mu mall. Kwa mlendo ngati inu, wochokera kutali, tikiti inkagula maola awiri okhala pakati pa anthu popanda wofunsa kumene mwachokera. Ndipo mzere umene munakumanapo ndi amuna anu unalipo chifukwa panalibe kugula tikiti pafoni kapena kusankhiratu mpando. Munkaima, n'kudikira, n'kulankhula ndi amene ali pafupi.

Anthu ambiri ankaganiza kuti matepi a vidiyo ndi amene adzatseke maholo, makamaka Blockbuster, sitolo yobwereketsa matepiwo, itatsegulidwa ku Dallas mu 1985. Sizinatero. Nkhonya yeniyeni inachokera mkati mwa banja. Mu 1988 ku Brussels kunatsegulidwa Kinepolis ya zipinda 25, ndipo mu 1995 AMC inatsegula Grand 24 ku Dallas. Nyumba zatsopanozi zinali ndi mipando yokwera masitepe ngati ya m'bwalo la mpira, moti mutu wa munthu wamtali sunkakutchingiranso, zinsalu zochokera khoma kufika khoma, ndi mawu a digito amene makampani a Dolby ndi DTS anabweretsa mu 1992 ndi 1993. Munthu akalawa zimenezo sankabwereranso ku kachipinda kopapatiza. Ndipo kanema wa mu mall sakanatha kudzisintha: mipando ya masitepe imafuna denga lalitali, pamene iye anali wopanikizika pakati pa sitolo ya nsapato ndi denga la mwini wake. Kumbali kunalibe kokulira. Nyumba yatsopano inkamangidwa payokha, nthawi zina tsidya lina la msewu womwewo, nthawi zina ndi kampani yomweyo.

Makampani anapikisana kumanga ndi ndalama zangongole. Zinsalu za ku United States zinachoka pa pafupifupi 24,000 mu 1990 kufika pafupifupi 37,000 pofika 2000, koma oonera sanachuluke mofanana. Makampaniwo ankalipira ngongole ya nyumba zatsopano uku akulipirabe lendi ya zakale zopanda anthu. Mu 2000 ndi 2001 anagwa motsatizana: Carmike, Edwards, United Artists, General Cinema, Loews Cineplex ndi Regal onse anapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa owakongoza. Lamulo la kumeneko limalola kampani yotero kukana mapangano a lendi amene akuiluzitsa, ndipo oyamba kutayidwa anali tizipinda ta m'ma mall. General Cinema, imene inayambitsa zonsezi ku Framingham, inagulidwa ndi AMC mu 2002. Cineplex ya ku Eaton Centre inatsekedwa mu 2001. Mukadzafufuza za malo anu, yambani kuyang'ana zaka zimenezi.

Ena anapulumuka posanduka maholo otchipa, oonetsa pa dola imodzi kapena awiri mafilimu amene atha kale kwina. Moyo wachiwiriwu unali wabwino kwa mabanja osauka ndi okalamba, koma unadulidwa pawiri. Nthawi yodikira kuti filimu ifike kunyumba inkafupikirafupikira, ndipo kenako filimu yeniyeniyo, ya mpukutu, inasiya kubwera. Makampani akuluakulu anagwirizana za muyezo wa kanema wa digito mu 2005, Fujifilm inasiya kupanga filimu yojambulira ndi yoonetsera mu 2013, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho Paramount inayamba kutulutsa mafilimu ake akuluakulu ku America pa digito pokha. Pulojekita yatsopano inkadya madola masauzande makumi angapo pa chipinda chimodzi. Chulukitsani ndi 6, pa holo yogulitsa tikiti ya madola awiri, m'nyumba ya eni ake imene lendi yake yatsala zaka zitatu. Ambiri anangobweza makiyi. Otsalawo anafa pamodzi ndi mall yawo, masitolo akuluakulu okoka anthu atachoka, monga Sears imene inagwa mu 2018, ndipo mliri wa Covid-19 unatseka zitseko zonse mu March 2020, zina osatsegukanso.

Kuseri kwa khoma limene munaonalo, n'kutheka kwambiri kuti zipinda zikadalipo. Holo ya kanema ndi yovuta kubwereketsa kwa wina: ilibe mawindo, pansi pake ndi potsetsereka, ndipo kuthira simenti kuti pafanane kumadya ndalama zambiri. N'chifukwa chake eni mall amangotseka pakhomo, kapena kubwereketsa kwa mpingo, umene umasangalala kupeza mipando ndi malo otsetsereka zili kale.

Tsopano za mbiri. Langizo langa loyamba lingakudabwitseni: musanawerenge chilichonse, khalani pansi mulembe kapena mujambule mawu anu pafoni, zonse zimene mukukumbukira. Mtundu wa kapeti, mbali imene kunali kauntala, chimene amuna anu anavala, mawu oyamba amene ananena, nyengo ya tsikulo. Mukayamba ndi zithunzi ndi nkhani za ena, zimalowerera m'mutu n'kusakanikirana ndi zanu, ndipo pakapita mwezi simudzasiyanitsanso. Zanuzo n'zimene palibe laibulale ingakupatseni.

Mukatero, pitani ku nyuzipepala ya mumzindawo. Laibulale ya boma ya kumeneko imasunga makope akale pa microfilm (tizithunzi ta masamba toonera pa makina okulitsa) kapena pa kompyuta, ndipo ogwira ntchito amayankha makalata ngakhale a munthu wakutali. Mwana wanu angathenso kupitako. Maholo ankalengeza mafilimu ndi nthawi zake tsiku lililonse, makamaka Lachisanu. Tsiku lotsegulira mudzalipeza mosavuta chifukwa chilengezo chake chimakhala chachikulu. Kugawidwa kwa zipinda mudzakuona nambala ya padzina ikasintha, kuchoka pa 3 kufika pa 6. Tsiku lotseka ndi lovutirapo, chifukwa kawirikawiri palibe amene analemba nkhani: dzina limangosowa pamndandanda, ndipo muyenera kubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku mpaka mutapeza pamene linaoneka komaliza. Ngati mukukumbukira filimu imene munaonera tsiku lija, masamba omwewa adzakuuzani masabata amene inaonetsedwa, mwinanso mpaka ola lake.

Pa intaneti pali Cinema Treasures, pomwe anthu alembapo za maholo masauzande ambiri a m'mayiko osiyanasiyana, otseguka ndi otsekedwa. Fufuzani ndi dzina la mzinda, chifukwa maholowa ankasintha mayina akasintha eni. Zaka zimene anthu amalemba pamenepo muzizitsimikiza ndi nyuzipepala, popeza zambiri n'zochokera m'mutu. Magazini ya Boxoffice, ya eni maholo, inkalemba za malo atsopano ndi kuchuluka kwa mipando yake. Ku ofesi ya mzinda yopereka zilolezo zomangira kumapezeka mapulani, ndipo bungwe losunga mbiri ya deralo nthawi zina limakhala ndi zithunzi za tsiku lotsegulira mall. Zithunzi za mkati mwa holo ndizo zimasowa kwambiri, chifukwa munali mdima ndipo palibe ankaganiza zojambula. Amene ali nazo ndi omwe ankagwira ntchito pamenepo. Afunseni m'magulu a Facebook a anthu a mumzindawo. Anthu amenewa tsopano ali ndi zaka za m'ma 50 ndi 60, ndipo ambiri anatenga kenakake usiku wotseka: chilembo cha pachikwangwani, mpukutu wa matikiti, kabaji ka dzina. Mukawapeza, musawafunse kuti "mukukumbukira chiyani", afunseni zinthu zogwirika, monga chipinda chimene chinkadontha mvula ikagwa, kapena amene ankatseka zitseko usiku. Pamenepo ndi pamene nkhani zimatuluka.

Mukadzapitakonso, lemberani a ofesi ya mall mwaulemu, muwafotokozere monga mwandifotokozera ine. Ena amakana chifukwa cha chitetezo, ena amatuma mlonda ndi tochi. Akakana, zungulirani kuseri kwa nyumbayo, kumbali imene kunali kanema. Mudzaona khoma lalitali lopanda windo, ndipo m'munsi mwake muli zitseko zachitsulo zopanda zogwirira kunja, zotalikirana mofanana. Ndi zija munkatulukira filimu yomaliza ikatha, mall atatseka kale, n'kupezeka mwadzidzidzi panja pozizira pakati pa magalimoto. Ziwerengeni, mujambule chithunzi, ndipo adzukulu anu muwaonetse chitseko chimene inu ndi agogo awo munatulukira usiku umenewo.